Tambala wa alendo akumwamba

Mukafika ku Zemba n'kuona dishi ya TV itamangidwa pamwamba pa nkhokwe, dziwani kuti mwafika kwa alamu anga a Fulansisi, amuna awo a Fainesi, akulu anga. TV pakhomopo palibe, magetsi ndiye musatchule n'komwe. Dishiyo anaitola ku boma itapindika, n'kuikweza panjinga, ati n'njomvetsera anthu a kumaiko ena akumwamba.

Matendawa anawayamba atamva pa wailesi kuti akatswiri amatchera makutu kuthambo ndi madishi aakulu. Basitu alamu analumikiza waya kuchoka pa dishi kufika ku wailesi yawo. Akaweruka kumunda, mapazi osasamba, amakhala pamtondo n'kumapotokola wailesi ikungoti shwii. Ukawalankhula amakweza chala kuti ukhale chete. Tsiku lina ku mphakati anafunsa katekisiti ngati anthuwo akabwera adzayambe kalasi ya ubatizo, katekisiti n'kungoti akafunsa kwa abambo mfumu.

Koma chimene chinatiseketsa kwambiri ndi tambala. Kwathu mlendo wochokera kutali timamuphera nkhuku, ndiye alamu anapatula tambala wofiira kuti ndi wa alendo akumwamba. Chitopa chinasesa khola lonse, iye yekha n'kutsala, alamu n'kuti mwaonatu. Pa Khirisimasi tinadya nyemba tambala akutiyang'ana. Ine monga mlamu ndinkawanena kuti pofika alendowo adzapeza tambala akuyendera ndodo.

Akulu anga okha sankaseka. Mwana wawo Idesi anachoka kalekale, pamene anatenga pathupi ali pasukulu, atate ake n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Anapita ku Lusaka, ndipo dzina lake alamu sankalitchula. A Fainesi mtima unkawawawa, amati mwamuna akufunafuna anthu kuthambo pomwe wake weniweni anamutaya.

Chaka chatha, titangokumba nsawa, Idesi anaimba foni kwa ine kuti akubwera. Ndinawauza alamu, iwo n'kungokweza wailesi. Ine mantha anandigwira, chifukwa akanamubwezanso, mwanayo sitikanadzamuonanso.

Anafika masana pa njinga ya hayala, fumbi mpaka m'nsidze. Amayi ake anamukumbatira akulira. Alamu nthawi imeneyo anali atakwera pankhokwe, ati akukonza waya amene sanaduke n'komwe, msana ataulozetsa kwa ife. Munthu wamkulu ndithu, imvi mbuu, kubisala pa dishi!

Idesi anapita n'kugwada pansi pa nkhokwepo. Anawapatsa moni, iwo anayankhira kukhosi. Kenaka anafunsa za dishiyo, ndipo apo pakamwa pa alamu panatseguka pang'ono, poti nkhani imeneyo sangaisiye. Anafotokoza zoti nyenyezi n'zambiri kuposa mchenga, sizingatheke kuti tili tokha.

"Nanga anthu akumwambawo anayankhapo, atate?" anafunsa Idesi.

"Zaka zonsezi, zii."

"Kapena amamva ndithu, koma akuopa kuti muwathamangitsa."

Alamu anasiya waya uja. Kenaka anatsika pang'onopang'ono, osayang'ana munthu, n'kuuza a Fainesi kuti abweretse mpeni ndi kutereka madzi.

Tambala uja anazindikira, anathawira m'munda wa thonje. Alamu anamuthamangitsa okha, anakana kuthandizidwa, nabwera naye ali wefuwefu, thalauzi litang'ambika pabondo. Nyama yake inali yolimba ngati lamba wa njinga, tinaiphika mpaka nkhuni kutha. Nthutumba, imene kwathu amadya mwini khomo, anaiika m'mbale ya Idesi.

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Ndinawafunsa kuti nanga alendo akumwamba aja akatsika mawa adya chiyani.

"Adya nyemba," anatero alamu, akupukuta m'maso ndi mkono wa shati. "Amenewo sindinawalakwire."