Tsiku Limene Shamila Anatchula Mayina a Ena

Shamila anabadwira kwa Mwambo, m'mudzi umene mphepo ikaomba kuchokera ku nyanja ya Chilwa imafika ndi fungo la matemba. Bambo ake anali msodzi, mayi ake ankalima mpunga. Sukulu anaphunzira mpaka folomu 4 ndipo mayeso anakhoza, koma za koleji zinakanika. Kupatula njinga ya malemu bambo ake, chimene anatenga pakhomo paja chinali khalidwe. Mayi ake ankamuuza kuti munthu ukakolola mpunga wambiri, akulu akakufunsa, uzitchula amene anakuthandiza kuwokera. Dzina lako atchule ndi ena.

Shamila ali ndi zaka 24, kunyanja kunabwera achinyamata awiri a m'tauni ya Zomba, Aubrey ndi Angella. Anali atamaliza maphunziro a makompyuta n'kuyambitsa kakampani kotchedwa Mtengolero. Nzeru yawo inali yabwino. Munthu ukadina manambala angapo pafoni, ngakhale ya mabatani, unkaona mtengo wa matemba ndi mpunga ku Songani, ku Zomba ndi ku Limbe tsiku lomwelo, mavenda asanakunamize. Koma patatha miyezi isanu anali atalembetsa anthu 41 okha, ndipo theka anali anzawo a kukoleji amene sanagwirepo temba laliwisi. Awiriwa anamupeza Shamila padoko akugulitsa mayunitsi, ndipo anamulemba ntchito yolembetsa anthu.

Iye sankayamba ndi foni. Kwa mayi Maliyamu, amene ankatsogolera amayi oyanika nsomba, anapita katatu osatchula n'komwe za kampani. Ankangothandiza kutembenuza matemba pathandala. Ulendo wachinayi mayiwo anamufunsa okha chimene ankafuna. Che Shaibu, mwini mabwato anayi, anamulola kukwera nawo mpaka m'mabango, kumene asodzi amakhala miyezi pa tizisakasa toyandama. Lachisanu ankadikira panja pa mzikiti, Lamlungu panja pa tchalitchi. Pamaliro foni sankaitulutsa, ankatunga madzi ndi amayi anzake, ndipo anthu ankakumbukira. Njinga ija inatha matayala asanu ndi limodzi. Patatha zaka zitatu, olembetsa anali atafika 3,200. Onsewo anali m'kope lake lachikuto chofiira, dzina lililonse ndi kamawu pambali: uyu ndi mlamu wa uje, uyu usamupeze m'mawa, uyu samva bwino khutu lakumanzere.

Chiwerengero chimenecho n'chimene chinakopa anthu akunja oika ndalama m'makampani ongoyamba. Anavomera kuthandiza, koma anati kampani iyambe yalemba mkulu woona za kukulitsa bizinesi, woti aifikitse ku Phalombe ndi ku Machinga. Angella anamuimbira Shamila foni.

"Lembani nanunso kalata, achemwali. Za digiri sanakakamize. Akufuna munthu amene anakulitsapo chinthu."

Shamila anaifuna ntchitoyo, ndipo mumtima mwake sanabise. Anali atadziwa kale kuti ku Phalombe akayambira pa mayi uti wogula mpunga. Kalata anailemba kanayi asanakhutire nayo.

Tsiku la intaviyu anavala mpango wake woyera n'kukwera minibasi ya ku Zomba. Mu ofesi munali Aubrey ndi Angella, ndipo pa kompyuta pankaoneka nkhope ya mayi wina wachizungu dzina lake Emily, woimira eni ndalama aja, akulankhula ali kwawo. Mafunso oyamba anayenda bwino. Chingerezi chikamuthawa, Aubrey ankamasulira. Kenaka Emily anafunsa funso limene ankati ndi lalikulu.

"Akuti tiuzeni chimene inuyo panokha munachita kuti chiwerengero chikwere chonchi," anatero Aubrey.

Shamila anaona kuti pamaso pake pali mabwana atatu. Anaika manja pamiyendo, natsitsa maso, n'kuyankha mmene mwana woleredwa bwino amayankhira.

"Ine palibe chachikulu chimene ndinachita. Ndi mayi Maliyamu amene anandilandira pakati pa amayi. Ndi che Shaibu amene anandipatsa bwato. Akuluakulu a kumzikiti ndi a kutchalitchi anandilola kulankhula. Ndiponso nzeru yake ndi ya a Aubrey ndi a Angella. Ine ndinkangoyenda."

Aubrey anamasulira liwu ndi liwu, osasiyapo kanthu. Emily anamwetulira, nalemba pang'ono. Angella anatsegula pakamwa ngati anene chinachake, koma nthawi inali itatha ndipo wina anali kudikira panja. Shamila anatuluka mtima uli m'malo. Ankadziwa kuti aliyense wa kwawo, akamva munthu akutchula mayina ambiri chonchi, amazindikira yekha kuti amene anagogoda pamakomo onsewo ndi wolankhulayo.

Patatha masabata awiri, Aubrey anabwera yekha kudoko. Sanakhale pansi.

"Tatenga wina, Shamila. Dzina lake Thomson, wa ku Lilongwe. Wagwirapo ntchito m'makampani a mafoni."

"Ndalakwa pati, achimwene?"

"Simunalakwe. Kungoti a Emily analemba kuti ndinu wothandiza wabwino, koma simunaonetse kuti munatsogolerapo chinthu."

"Inu simunawauze?"

Aubrey anayang'ana kumabwato. "Munanena nokha kuti sizinali inu. Ine ndikanati chiyani? Ndikanatsutsa mawu anu pamaso pawo, bwenzi akuti ndikukondera."

Chimene chinamuwawa Shamila sichinali mzungu uja, amene sakanadziwa kalankhulidwe ka kuno. Koma Aubrey anakulira kumudzi, kwa Kuntumanji. Amayi ake ankayankha chimodzimodzi akafunsidwa za munda wawo. Iye anamva bwinobwino tanthauzo la yankho lija, koma anasankha kumasulira mawu okha.

Atafika kunyumba, mayi ake anamufunsa kuti zatha bwanji. Atawafotokozera, anati, "Koma unayankha bwino, mwana wanga." Shamila anangolowa m'nyumba. Sanathe kuwauza kuti kuyankha bwinoko n'kumene kunamudyera ntchito.

Thomson anafika Lolemba lina pagalimoto, atavala nsapato zoyera zimene matope a padoko anazisintha mtundu asanayende n'komwe mapazi khumi. Sanali munthu woipa. Anali mnyamata wamsinkhu wa Shamila yemwe, wolankhula mofulumira, wa manambala ambiri pakamwa. Anati pa intaviyu yake anawauza kuti kumene ankagwira kale anachulukitsa makasitomala kawiri pa chaka chimodzi, ndipo ananena zimenezi mopanda manyazi, ngati munthu wonena msinkhu wake. Anapempha kuti Shamila amuperekeze kwa anthu ofunika.

Anayamba kwa mayi Maliyamu. Thomson anafika ali chiimire, foni m'manja, n'kuyamba kufotokoza za mapulani a ku Machinga. Mayiwo anapitiriza kutembenuza matemba mpaka mnyamatayo anatha mawu. Kenaka anatembenukira kwa Shamila.

"Iwe, ameneyu ndiye akupatsa kuti azikunyamulira chikwama?"

"Ayi mayi, ndi bwana wanga."

"Bwana wako?" Anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Nanga moni anausiya m'galimoto?"

Amayi ena anaseka. Thomson anachita manyazi, nanjuta mmene anaonera Shamila akuchitira, n'kupereka moni. Shamila anamumvera chisoni pang'ono, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa.

Pobwerera kugalimoto, Thomson anapempha kuona kope lija, poti ku ofesi anamuuza kuti lilipo ndipo ndi la kampani. Shamila analitulutsa m'chikwama. Mnyamatayo anatsamira galimoto n'kuyamba kuvundukula masamba, pang'onopang'ono, akuwerenga timawu ta pambali tija. Anafika patsamba limene inki inasungunuka ndi madzi a m'bwato, naima.

"Achemwali, anthu onsewa anawalemba ndani? Ku ofesi anandiuza kuti kunali magulu a m'midzi amene ankathandizana."

Shamila anamuyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo kwa bwana aliyense.

"Ndine. Ndinawalemba ndekha, mmodzimmodzi, panjinga."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo palibe chinagwa kumwamba. Thomson anagwedeza mutu, nati, "Mwagwira ntchito." Anaika kopelo pampando wakutsogolo, nafunsa ngati mawa angadzamuperekezenso kwa che Shaibu, nthawi ya 8 koloko.

Galimoto itapita, Shamila anatenga njinga yake pamtengo pamene anaitsamiritsa. Chikwama chinali chopepuka. Mawa lake 8 koloko anali padoko, ndipo mpaka lero ndi iye amene amayamba kupereka moni, bwana wake akudikira pambuyo.