Wahabu Ankayesa Mpweya

Uthenga unatipeza Lachisanu m'mawa, mwezi wa Juni, tsiku limene chiperoni chinaphimba phiri la Bangwe mpaka osaoneka. Anaimba foni ndi mlamu wathu Nasima, ali kuchipatala. Sanalire pafonipo ayi. Anangoti, "Achemwali, mpweya uja watha." Ife tinamva. Mchimwene wathu Wahabu anali atatisiya.

Ena angaone ngati mawu amenewo anangomutuluka, koma kwathu ukangoti mpweya, aliyense amadziwa kuti ukunena za Wahabu.

Iyeyu anabadwa ndi mphumu. Tinakulira ku Ntopwa, bambo athu akusoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Anzake akamathamangitsana ndi mpira pabwalo, iye amakhala pamwala, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Tsiku limene wakakamira kuti asewere nawo, amawapitirira onse poyambirira, liwiro lake ngati njinga yopanda mabuleki, koma asanafike pagolo wagwada kale, maso ali tong'oo. Amayi amachita kukamutenga. Ndiye anasiya mpira n'kuyamba kumasula mawailesi a anthu. Kuchoka pa mawailesi anapita pa mafoni, kenako malaputopu, mpaka anapeza kabenchi kake pamsika wa Bangwe. Sukulu sanapite nayo patali, chifuwa chomwecho. Mpira umene anaulephera pabwalo anadzaupeza pa kompyuta, ndipo kumeneko analibe womugonjetsa. Anyamata a magemu onse, kuyambira ku Mvula mpaka ku Namiyango, amabweretsa makina awo kwa iye.

Mkati mwa laputopu muli kanthu kosungira zinthu, ophunzira amati SSD. Ife timangoti kadiraivu. N'kakang'ono, kopyapyala ngati chingamu chija cha m'kapepala. Magemu a masiku ano akuti ndi aakulu zedi, ndiye kadiraivu kamadzadza, munthu n'kufuna kuwonjezera kena. Apa ndi pamene Wahabu amasiyana ndi anzake. Kasitomala amabwera ndi bokosi lonyezimira, akuloza manambala olembedwapo, akuti aka ndiye kothamanga. Wahabu amaseka.

"Bwana, bokosi si limene lilowe m'makinamo. Tiyeni tione ngati kali ndi mpweya."

Amatenga gemu yaikulu kwambiri n'kuyamba kuikopera mu kadiraivu katsopanoko. Pa sikirini pamatuluka kachithunzi kobiriwira kooneka ngati phiri, kosonyeza liwiro. Madiraivu ambiri amayamba ndi ukali, phiri lalitali, kasitomala n'kuomba m'manja. Wahabu amati, "Khalani pansi kaye. Nanenso poyamba ndimathamanga." Pakapita nthawi, kadiraivu kachabechabe kamatentha, kamatopa, phiri lija n'kugwa, kumangokwawa. Kabwino kamakhala pamzere wake womwewo mpaka ntchito ithe. Iye amati kameneko ndiye kali ndi mpweya. Ena amakwiya kuti akuwachedwetsa, amanyamula katundu wawo kupita kwina. Wahabu samawanyengerera. Chinthu chosayesa sichimachoka pabenchi pake.

Nasima anakumana naye pamsika pomwepo, akugulitsa masamusa. Anakwatirana, anabereka mwana wawo Aliya. Zaka zomalizazi chifuwa chinakula mphamvu. Akapopera kapampu kake ka mphumu m'kamwa, manja amanjenjemera, tisikulu ta laputopu timamugwa. Ndiye amaitana mkazi wake.

"Mayi a Aliya, bwerekeniko manja."

Nasima amapukuta mafuta m'manja, n'kukhala pabenchipo. Mwamuna amalankhula, mkazi amamasula. Chotsani kaye batire. Kalowetseni mopendekera, musakakankhe ngati mukutseka chitseko cha bafa. Anthu amaseka kuti amwenye a ku Limbe akamva adzawalemba ganyu onse awiri, wina pakamwa wina manja. Nasima Chingerezi cha pa sikirini samachiwerenga bwino, koma malo odina anawaloweza, ndipo phiri lobiriwira lija amalidziwa ngati nkhope ya mwana wake.

Ntchito yomaliza inali ya Dennis. Dennis ndi Msena wa ku Nsanje, Mkatolika, ali ndi kachipinda ku Namiyango kamene anyamata amaseweramo mpira wa pa kompyuta. Laputopu yake yaikulu amailumikiza ku TV, ndiye ndi munda wake umenewo. Iye ndi Wahabu amatukwanizana tsiku lililonse ngati pachisuweni. Uyu amati "Shehe wopanda ndevu," uyo amati "Msena wodya nyika za m'dambo." Laputopuyo inali itadzadza, koma inali ndi malo ena opanda kanthu oikapo kadiraivu kachiwiri. Abdula, amene amabweretsa katundu wa makompyuta ku Limbe, anapereka timadiraivu tiwiri, kakuda ndi kobiriwira, kuti ayese, asankhe kamodzi, kenako abweze. Wahabu anakonzeratu timadiraivu tonse tiwiri kuti tizioneka pa makina. Kuzizira kutayamba anatengera ntchitoyo kunyumba. Asanayese, chifuwa chinamugwira.

Tinaika maliro Lachisanu lomwelo, itatha swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la ku mzikiti. Mukudziwa mmene zimakhalira, katundu yense wa pabalaza anatulutsidwa kuti anthu apeze pokhala. Nkhuni zinali zonyowa ndi chiperoni, moto osayaka. Azimayi ophika anaona timabokosi tiwiri ta madiraivu aja patebulo, anakhuthula tinthu tam'katimo mu sosala ya singano ndi mabatani, timabokosito n'kuyatsira moto. Palibe amene angawadzudzule. Anaona ngati ndi mapepala chabe.

Kumanda ashehe ananena monga amanenera, kuti aliyense amene anasungitsa chinthu kwa malemu abwere kubanja, chifukwa amana iyenera kubwerera kwa mwini wake. Amana ndi chinthu cha mwini chimene wachilandira m'manja mwako kuti uchisamale. Mawuwo atafika kwa Nasima, maganizo ake anapita pa laputopu ya Dennis, imene inali pansi pa bedi, kumsana kwake kuli kotsegula.

Achimwene athu aakulu, a Hamudi, anafuna kuithetsa nkhaniyo msanga.

"Mlamu, ndipatseni makinawo ndipite nawo ku Limbe. Alipo anyamata kumeneko, aikamo kamodzi, basi. Inuyo muli pa masiku aumasiye okhala m'nyumba, musavutike ndi za amuna."

"Akayesa?" anafunsa Nasima.

"Kuyesa chiyani? Zonse ndi zatsopano."

"Ndiye siichoka muno. A Dennis sanasiye makina okha. Anasiya makina kuti bambo a Aliya awasankhire. Tikabweza osasankha, tabweza theka."

A Hamudi anapukusa mutu, anati mkazi uyu watengera khalidwe la malemu. Koma sanalimbane naye.

Patapita masiku Dennis anabwera. Mayi wamasiye pa nthawi imeneyi sakhala pamodzi ndi amuna achilendo, ndiye Dennis anakhala pakhonde pa kampando, Nasima ali m'nyumba kuseri kwa katani, akumvana mawu okha.

"Alamu, pepani kwambiri," anatero Dennis, chipewa chili m'manja. "Za laputopu musadandaule. Ingoikanimo kamene kanali m'bokosi la manambala aakulu. Ndinaliona ine."

"Bokosilo linaphika tiyi wa pamaliro."

Dennis anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutuluka. "Ndiye tinamwa liwiro lonse! N'chifukwa chake ndinafika msanga kunyumba tsiku lija." Anapukuta m'maso. "Chabwino, ikanimo kakuda. Kamaoneka kaukali."

"Maonekedwe ndi anu. Ine ndiyesa."

"Alamu, anyamata akundithawa. Ayamba kukasewera kwa Marko kuseri kwa chigayo. Ndine munthu wa ana."

"Ndikudziwa. Koma mukatenga kotopa, gemu ikamakakamira pakati, mudzati Wahabu anandiikira chinthu chachabe. Iye kulibe woti adzayankhe. Mubwere mawa."

Mawa lake Nasima anayala mphasa pafupi ndi zenera, pamene pamalowa kuwala. Anatenga chikwama cha zipangizo za mwamuna wake. Atachitsegula anapezamo kapampu kaja pakati pa masikuludiraiva. Anakagwira kanthawi, n'kukaika pawindo. Kenako anati Bismillah, anamasula batire, anatenga kakuda m'sosala muja, anakapukuta ndi nsonga ya mpango, anakalowetsa mopendekera, n'kumanga kasikulu. Atatero anabwezera batire.

Dennis anali atafika kale pakhondepo. Nasima anayatsa makina, anapeza gemu yaikulu ija ya mpira, anaikokera ku kadiraivu katsopano. Phiri linakwera nthawi yomweyo.

"Zikuyenda bwanji mkatimo?" anakuwa Dennis.

"Lakwera. Lafika pamwamba penipeni."

"Ndinanena ine! Kakuda! Tsekani, alamu, tsekani ndizipita."

"Khalani pansi kaye."

Atangotero anadzimva yekha kuti walankhula mawu a mwamuna wake. Anayang'anitsitsa pa sikirini kuti misozi isagwere pa makina. Ndiye magetsi anathima. Batire ya laputopuyo inali yokalamba, siinapirire, sikirini inada ntchito ili pakati.

Dennis anati zaoneka kale, kakuda kapambana. Nasima anati palibe chimene chaoneka, anangoona poyambira pokha. Anadikira. Tinawapatsa a Dennis tiyi ndi mbatata, anadya akudandaula kuti Shehe wopanda ndevu uja akumuzunza ngakhale ali kumanda. Magetsi anabwera dzuwa litapendeka, Nasima anafufuta zimene zinakopedwa theka zija, n'kuyambiranso.

Phiri linakweranso ngati poyamba. Nasima sanasunthe. Fani ya makina inayamba kulira, mpweya wotentha ukutuluka m'mbali. Ntchito isanafike pakati, phiri lija linagumuka. Mzere unatsika mpaka pansi, n'kumakwawa pang'onopang'ono, ukakwera pang'ono wagwanso. Nasima anaudziwa mzere umenewo. Anakhala nawo m'nyumba zaka zonsezi, akuumva pachifuwa cha munthu.

"Kagwada," anatero.

"Chiyani?"

"Kakuda kanu kagwada, a Dennis. Katha mpweya."

Anadikirabe mpaka kamalize, chifukwa Wahabu amati ngakhale kotopa uzikalola kafike. Kenako anazimitsa, anasiya makina azizire kuti tiwiri tonse tiyambire pofanana, n'kusintha. Kobiriwira kanayamba mofatsa, phiri lake lalifupi, losachititsa kaso. Dennis atamva anati aka ndiye gogo weniweni. Koma fani italira, makina atatentha, mzerewo unali pomwepo. Unadutsa pamene kakuda kanagwera, osatsika. Unapita choncho mpaka kumapeto, ndipo ngakhale panalibe amene anayang'ana wotchi, tonse tinaona kuti kamaliza msanga kuposa kanzake.

Dennis anaimirira kuti alandire katundu wake. Nasima anati ayi, kuyesa kamodzi sikokwanira, mwina kakuda kanangodzuka molakwika. Dennis anagwira kumutu. "Mayi inu, mwamuna wanu anali ndi chifundo kuposa inu!" Koma mawa lake anabweranso, ndipo zinatuluka chimodzimodzi.

Nasima anatseka kumsana kwa laputopu, anamanga tisikulu tonse, anaipukuta, n'kuikulunga m'chitenje. Inatuluka pansi pa katani. Dennis anailumikiza pakhonde pomwepo, anatsegula gemu, timu zinalowa m'bwalo osachedwa. Anasewera pang'ono, kenako anasiya, anangokhala ataigwira pamiyendo.

"Timu iyi ndi imene Wahabu amandimenya nayo," anatero. "Tsiku lililonse."

"Amana yanu ndi imeneyo, a Dennis," anatero Nasima kuseri kwa katani. "Mwailandira?"

"Ndalandira, alamu. Ndalandira yonse."

Apo ndi pamene Nasima analira. Kuyambira tsiku la foni lija anali asanalire mokweza, koma tsiku limenelo analira mpaka aneba anabwera kudzaona.

Kakuda kaja a Hamudi anakabweza kwa Abdula, ndi uthenga wa Nasima woti asakagulitse kwa munthu wa magemu, kangathandize wongosunga zithunzi ndi makalata. Pobwera anafunsa ngati zipangizo za malemu zigulitsidwe, poti alipo amene akuzifuna. Nasima anati zisakhudzidwe. Masiku ake okhala m'nyumba akatha, akatsegula benchi ija. Akuti zambiri sazidziwa, za mawaya ndi zowotcherera sangathe, ndipo azinena poyera kuti izi pitani nazo kwina. Koma kusintha kadiraivu ndi kukayesa, zimenezo manja ake akuzidziwa. Dennis wauza kale anyamata ake kuti aliyense wofuna kuwonjezera malo m'makina adikire mayi a Aliya, ndipo abwere atadya, chifukwa kumeneko sakutulutsa msanga.

Wahabu wathu anali munthu wotere. Sanamange nyumba yaikulu, sanayende maiko. Mpweya wake unali wochepa, koma anafika nawo pamene Mulungu anamulembera, osanamiza munthu.

Abale ndi anansi, a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi omwe, inu amene munabwera kudzatikhalira pa chiperoni chija, musatisiye. Mukamapemphera mutchuleko Nasima ndi mwana wake Aliya, ndi amayi athu amene mpaka lero amamusungirabe chakudya. Mumupemphere Wahabu kuti Allah amukhululukire ndi kumufutukulira malo ake, kumene kulibe chifuwa. Ndipo mlamu wathu mumupemphere mphamvu, chifukwa ulendo umene wauyambawu ndi wautali.