Katemera wa Alamu Analowa M'mkono Mwanga

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Linayamba kumayambiriro kwa Ogasiti, m'chaka chomwe katemera wa korona anafika ku Harare, patangopita sabata imodzi chibayitsireni jakisoni wanga wachinayi. Ndati wachinayi, ndipo sindinalakwitse. Nthawi imeneyo munthu aliyense ankabayitsa awiri, koma ine ndinabayitsa anayi, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Ine ndine mmisiri wowotcherera zitsulo ku Workington. Ndimakhala ku Warren Park ndi mkazi wanga, mayi a Rudo. Ndinabadwira konkuno. Bambo anga anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito zaka zawo zonse ndi chitupa cha msuweni wawo amene anabwerera kumudzi. Anzawo ambiri analimva koyamba dzina lawo lenileni tsiku la maliro. Choncho kwa ife kubwerekana chitupa sikunali kwachilendo. Tinakula tikukuona ngati kubwerekana njinga.

Majakisoni anga awiri oyamba ndinabayitsa bwinobwino, m'dzina langa. Mkono unangolemera tsiku limodzi basi. Ndinadzitama nazo kuntchito, kutchalitchi ndi m'maminibasi a kombi momwe, mpaka mayi a Rudo anandiuza kuti ndachulutsa.

Lamlungu lina kunabwera alamu anga, a Sipiriyano, mlongo wake wa mkazi wanga. Iwo anabwera kuno ali mwana, makolo awo akuthawa nkhondo ku Tete. Amakhala ku Caledonia ndipo amakweza matumba m'malole pa depoti ina. Abwana awo anali atalamula kuti wopanda khadi la katemera asalowenso pageti. Alamu anali atamvera mauthenga onse a pafoni: oti magazi amaundana, oti mwamuna amasiya kubereka, oti obayitsa onse adzafa pakatha zaka ziwiri. Tiyi amene tinawapatsa anazizira osamukhudza.

"Alamu, inu munabayitsa simunafe," anatero. "Thupi lanu lazolowera. Langali ndimalidziwa, silingapirire, shuwa. Koma basa likandithera, ntchito palibe, ana adya chiyani?"

Kenaka anaika chitupa chawo patebulo. Chinali chachitsulo, chakale, chithunzi chake chitafufutika moti chikanatha kukhala cha mwamuna aliyense. Ndipo nthawi imeneyo tonse tinkayenda titavala masiki.

Ndinavomera. Chisoni chinalipo, sindikana, komanso mkazi wanga anali akundiyang'ana. Koma ndinene zoona: panalinso chidwi. Ine ndine munthu woti wailesi ikafa sindiitaya ndisanaimasule kuti ndione chomwe chapsa. Ndinkafuna kudziwa kuti thupi la munthu limatani likalandira katemera kawiri konse.

Ndinapita kuchipatala chaching'ono cha dera lina komwe sandidziwa. M'kombi ndinkaloweza dzina ndi chaka chobadwa cha alamu. Ngakhale zinali choncho, namwino anaitana "Sipiriyano" katatu konse ine ndili phee, ndikudabwa kuti munthu ameneyu wapita kuti. Patapita masabata angapo ndinabwereranso kukabayitsa wachiwiri wawo, amene anali wachinayi wanga. Alamu analandira khadi lawo ndipo geti linawatsegukira.

Ludzu litayamba, ndinkapita kuntchito ndi chigubu cha madzi ndipo chinkatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Madzi ankalowa n'kutuluka nthawi yomweyo. Kapitawo wathu anafunsa ngati ndasamutsira ntchito kuchimbudzi. Sabata yachiwiri kunabwera kutopa. Chitsulo chomwe ndinkanyamula ndekha ndinayamba kuitanira mnzanga. Sabata yachitatu buluku linayamba kugwa, ndipo ndinatenga msomali n'kubowola lamba. Ndinkadya kwambiri koma thupi linkangotha.

Kenaka ndinaona nyerere. Kuseri kwa mulu wathu wa zitsulo zakutha kuli khoma komwe amuna timataya madzi chimbudzi chikakhala ndi munthu. Ndinaona kuti nyerere zikuunjikana pamalo anga okha, osati pa anzanga. Tsiku lotsatira ndinasintha malo dala, ndinapita kumapeto kwa khoma. Pobwerera masana ndinazipeza zitasamukira komweko. Ndinayesa katatu, ndipo katatu konse zinanditsatira.

Munthu wina akanachita mantha. Ine ndinakondwa. Ndinati katemera wachuluka m'thupi ndipo akutuluka, nyererezi zikumumva fungo. Ndinaganiza zomuthandiza kuti atuluke msanga. Madzulo aliwonse ndinkafunda bulangete n'kudzifukiza nthunzi ya zumbani, masamba onunkhira amene Harare yense ankawiritsa masiku amenewo. Ndikatha ndinkamwa madzi akewo nditathiramo shuga masupuni anayi kuti asawawe. Kuti mphamvu zibwerere, ndinkamwanso chakumwa chotsekemera cha malalanje m'mawa ndi masana. Lero ndikakumbukira zimenezi ndimagwira mutu.

Mayi a Rudo anandipempha kangapo kuti tipite kuchipatala. Ndinkakana. Ndinkadziwa kuti akandifunsa chomwe chinachitika matendawa asanayambe, ndiyenera kutchula majakisoni anayi. Ndikatero alamu ntchito yawathera, mwinanso tonse awiri tikaonekera kupolisi. Ndinkati ndipirire, katemerayo atha yekha.

Alamu atabwera kudzandiona anaima pakhomo, osalowa msanga. Anandiyang'ana m'khosi momwe kolala inali italekana ndi thupi, ndipo misozi inalengeza.

"Mwaona, alamu?" anatero. "Ameneyu ndikanakhala ine. Mwandifera."

Mawu amenewo anandisautsa kuposa ludzu. Ndinkafuna kuwaonetsa kuti katemera ndi wosaopsa, koma tsopano thupi langa linali umboni wa mauthenga awo onse a pafoni.

Chomwe chinandiopsa kwenikweni chinali maso. Kumayambiriro kwa Seputembala ndinayamba kuona ngati m'nyumba muli utsi. Ndinkapukuta galasi la chisoti chowotcherera, koma utsiwo sunali pagalasi. Wowotcherera zitsulo amadya ndi maso ake. Akalephera kuona mzere womwe zitsulo ziwiri zakumana, ntchito yake yatha. Nthawi yomweyo panali kabala pamwendo, pomwe nthethe ya moto inandigwera. Mabala otere kwa ife amapola masiku atatu, koma aka kanatha masabata atatu kakutuluka madzi.

Lachinayi lina ndinawotcherera geti lonse mokhota. Kapitawo anabwera, anayang'ana, n'kundilanda chowotcherera m'manja. Pobwerera kunyumba miyendo inakana pamzere wa kombi, ndipo ndinakhala pansi m'fumbi anthu akundilambalala, poganiza kuti ndili ndi korona. Lachisanu m'mawa mayi a Rudo sanandifunsenso maganizo. Anangondiveka jekete.

Pachipatala cha kwathu tinafika dzuwa likutuluka. Pageti anatiyeza kutentha kwa thupi n'kutithira mankhwala m'manja. Tinakhala panja pamabenchi, motalikirana, mpaka cha m'ma leveni. Poyamba anandilowetsa kamtengo m'mphuno kuyeza korona, ndipo tinadikiranso. Sanampeze. Kenaka namwino wina wachikulire anamva za ludzu, sanadikire kuti ndimalize, anandibaya chala n'kudonthezera magazi pa kamakina kakang'ono. Anayang'ana kamakinako, anandiyang'ana ine, n'kubwerezanso ndi chala china.

"Baba, shuga wanu wakwera kwambiri," anatero. "Simubwerera kunyumba lero."

Anatitumiza kuchipatala chachikulu, komwe anandigoneka. Chifukwa cha mliri, achibale sankaloledwa kulowa m'wodi. Mayi a Rudo ankasiya chakudya pageti atalemba dzina langa pachivundikiro. Masiku awiri oyamba ndinali pa diripi. Moyo wa m'wodi unali ndi ndondomeko yake: kubaya chala m'bandakucha, jakisoni tisanadye, phala lopanda shuga, kutsuka bala, kenaka kudikira madokotala amene ankadutsa bedi ndi bedi cha m'ma teni. Ndinkafunsa mafunso ambiri moti anamwino anayamba kunditchula kuti mwana wasukulu. Koma funso lenileni ndinalisunga.

Ndinalitulutsa tsiku lachitatu. Dokotala wathu anali mayi wachitsikana wolankhula motsitsa. Tsiku limenelo anandithira mankhwala m'maso, anawaunika ndi katochi nthawi yaitali, n'kundigwiragwira zala za kumapazi kuti aone ngati ndikumva. Atayamba kulemba, ndinamuuza zonse: chitupa, masiki, majakisoni anayi, nyerere. Anasiya kulemba.

"Zomwe munachitazo n'zolakwika," anatero, "ndipo amene ali pangozi kwambiri ndi alamu anuwo, chifukwa akuyenda ndi khadi koma m'thupi mulibe kanthu. Koma shuga uyu sanabwere ndi katemera. Zomwe ndaona kuseri kwa maso anu sizichitika mwezi umodzi. Mwakhala naye nthawi yaitali osadziwa."

Anafunsa ngati kwathu kunali wina wodwala choncho. Ndinakumbukira mayi anga, amene ankagona ndi jagi ya madzi pambali, ndiponso chilonda chawo cha paphazi chomwe tonse tinkati anaponda mankhwala.

Komabe sindinakhulupirire msanga. Ine sindivomera chinthu ndisanachigwire ndi manja. Dokotala atachoka ndinatsegula kabati ya pambali pa bedi n'kutulutsa lamba wanga. Zibowo za kusitolo ndi zozungulira bwino, za msomali ndi zong'ambika, choncho kuzisiyanitsa n'kosavuta. Ndinkayembekezera kupeza chimodzi, cha mu Ogasiti chija. Ndinapeza zitatu. Ndinakhala ndikuzisisita ndi chala mpaka ndinakumbukira. Chachiwiri ndinabowola nthawi ya Pasaka. Choyamba ndinabowola m'mawa wa Khirisimasi, tikukonzekera kupita kutchalitchi, mayi a Rudo akuseka kuti mimba yayamba kundithawa, ine ndikunyadira. Pa Khirisimasi imeneyo katemera anali asanafike n'komwe m'dziko muno.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya ndi ine mwini. Ndinayeza nyerere katatu ngati katswiri, koma lamba amene ndinkamanga tsiku lililonse sindinamufunse kanthu. Thupi linayamba kulankhula kalekale. Ine ndinayamba kulimvetsera pokhapokha nditapeza chinthu choti ndichiloze chala.

Ndinakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Asananditulutse, namwino anandiphunzitsa kudzibaya ndekha mankhwala a insulini pamimba, kuyeza shuga, ndi kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse. Bala lija linapola patatha mwezi. Utsi wa m'maso unayamba kuchoka pang'onopang'ono. Diso lamanja linayera lonse. Lamanzere linatsala ndi kamthunzi pakona, ndipo adokotala a maso anati kameneko sikadzachoka. Anati ndikanabwera ludzu litangoyamba, mwina akanakapewa.

Nditapeza mphamvu ndinakwera kombi ziwiri kupita ku Caledonia. Ndinawapeza alamu akukhoma malata a khitchini yawo. Ndinawaonetsa lamba n'kuwawerengera zibowo. Nthawi ya chakudya itakwana ndinakweza malaya n'kudzibaya iwo akuona. Anatembenuza nkhope. Ndinawauza kuti ine tsopano ndimabayidwa kawiri patsiku moyo wanga wonse, ndiye iwo sangalephere kawiri kokha. Ndinawauzanso kuti sindingagone tulo podziwa kuti khadi lomwe lili m'thumba mwawo ndi bodza lomwe ndinalemba ndi mkono wanga. Anatenga masabata awiri kuti avomere, ndipo mlongo wawo anawaimbira foni tsiku lililonse.

Tinapita limodzi kuchipatala chomwe chija ndinanamako. Tinapempha kuonana ndi namwino wamkulu ndipo tinaulula. Anatikalipira mokwanira, azibambo akuluakulu titaweramitsa mitu ngati ana oba mango. Analanda khadi lakale lija, analemba zoti alembe, n'kutiuza kuti tikakhale pabenchi. Patapita nthawi chitseko chinatseguka ndipo namwino anaitana kuti, "Sipiriyano!"

Ndinayamba kudzuka ndine. Alamu anandigwira paphewa.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Ameneyo ndine."

Mkono unawalemera masiku awiri, ndipo anamva kuzizira usiku umodzi. Zaka ziwiri zija zinakwana n'kudutsa, ndipo akukwezabe matumba. Chaka chatha mkazi wawo anabereka mwana wamkazi.

Ine ndili bwino. Ndimayeza shuga m'mawa uliwonse, tiyi ndimamwa wopanda kanthu, ndipo mwezi ndi mwezi ndimakakhala pabenchi kudikira mankhwala. Kuntchito ndinabwerera, ndimavala magalasi. Mageti ndi mafelemu a mawindo ndimawotcherera monga kale, koma ntchito zazing'ono zofuna diso lakuthwa, zomwe kale ankasungira ine, tsopano amapatsa ena. Zimenezo zimandiwawa, ndipo sindibisa.

Kwa inu amene mukumva chachilendo m'thupi, kaya mwangobayitsa katemera kaya ayi, ndikuti musadziweruzire nokha chomwe chakudwalitsani. Mwina mukulondola, mwina mukuloza chala pamalo olakwika pamene matenda enieni akudya mwakachetechete. Kuyeza komwe ndinakuthawa masabata asanu ndi limodzi kunangofuna dontho limodzi la magazi. Ndipo ngati pali chomwe mukuopa kuulula, dziwani kuti kukalipiridwa kwa namwino kunatha tsiku lomwelo, koma kamthunzi ka m'diso langa ndimadzuka nako m'mawa uliwonse. Pitani msanga, mukanene zonse, ndipo mupite m'dzina lanu.