Mthuthuthu Umene Unabwera Pamutu

Anthu pothawa nkhondo ya ku Mozambiki ankanyamula mbuzi, ena makina osokera. Avelino ananyamula njinga yamoto yophwasula. Injini inali pamutu pake, thanki pamutu pa mkazi wake Ines, mawilo akugubuduza alamu ake. Atafika kuno ku Namwera tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu analibe ngakhale bulangete, koma anali ndi mthuthuthu wakale kuposa iye mwini.

Anali wamfupi, wolankhula ndi manja, ndipo kukhala chete sankakudziwa. Kwawo anali makaniko, koma kuno ndani akanapereka ngakhale wilibala kwa mmisiri amene njinga yake yomwe siyenda? Zimenezi zinkamudya mumtima ngakhale ankaseka nafe. Mwayi unabwera ndi Che Hamisi, ogulitsa nsomba zouma, amene anatopa ndi matola ochedwa.

"Achimwene," anatero Che Hamisi, "chinthu chanucho chikalira pofika Lachisanu, muzikanditengera usipa ku Nkope. Chikapanda kulira, wallahi, ndipeza wina."

Avelino anavina pomwepo. Anayala zitsulo zonse pamphasa, napita kumsika kukasaka gasiketi ndi maring'i, tizipangizo totseka mipata m'injini. Pobwera anazipeza zikunyezimira ngati mbale za paukwati, koma chifukwa cha chimwemwe sanafunse kanthu. Anamanga injini akuimba, ife titamuzungulira.

Anaponda kiki yolizira injini. Phwii. Anapondanso. Phwii. Tinamukankha kutsika chitunda cha kumsika, amuna akuluakulu ndi mikanjo yathu, kenako tinamukankhanso pokwera. Nkhuku zokha ndizo zinalira.

Apa m'pamene tinaona kuti munthuyu ntchito ankaidziwadi. Anachotsa pulagi, natseka bowolo ndi chala chachikulu, n'kuuza Che Hamisi kuti aponde. "Injini yamoyo imakankha chala," anatero. "Iyi ikungondipumira ngati mbuzi yodwala." Anathira m'bowomo supuni ya mafuta ophikira achithandizo amene othawa nkhondo ankalandira. Anatifotokozera kuti mphamvu ikabwerera ndiye kuti vuto ndi maring'i, pakuti mafuta amatseka mipata yake. Mphamvu sinabwerere.

Anamasula hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, naithira palafini kumbuyo kwa mavalavu, tizitseko tiwiri tija timene timatsekera mpweya m'injini. Palafini anadutsa, dontho pambuyo pa dontho. Avelino anatulutsa valavu imodzi, naipenda padzuwa, nkhope n'kugwa. M'mphepete monse, pamene imayenera kukhala ndendende pampando wake, munali mikwingwirima.

"Ndani wakanda mavalavu anga?"

Ines anabwera akupukuta manja pachitenje, wonyadira ndithu. "Ndine, bambo a Triza. Zinali zakuda bii, zochititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndinapita nazo kudambo, ndazikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga ndichitira mapoto. Simunaone kuwala kwake?"

Tinagwa pansi ndi phwete. Che Hamisi kofia inawavuka. Ines atamva chimene wachita anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge, ndipo ine ndinamumvera chisoni kwambiri. Mayiyu anasenza thanki ija m'tchire masiku onse aja, lero n'kukhala iye wopha njingayo.

Amene anayamba kusekanso anali Avelino. "Mayi a Triza, mwakwecha bwino, kungoti mwapitirira. Bwerani mumalize ntchito yanu."

Anapala ufa wa mwala wonolera mipeni, nausefa pakansalu, n'kuusakaniza ndi mafuta. Phalalo analipaka m'mphepete mwa valavu, naibwezera pampando, n'kuilumikiza ku kamtengo ndi kachidutswa ka payipi. Tsopano pankafunika kupukusa kamtengoko pakati pa zikhatho, kunyamula pang'ono, kutembenuza, kupukusanso, kufikira zitsulo ziwirizo zitagwirizana. Iye ndi phuma lake ankangolumphalumpha. Ines anamulanda, nakhala pansi mwendo uku mwendo uku, n'kuyamba kupukusa ngati therere.

Anapukusa Lachitatu lonse ndi Lachinayi, zikhatho mpaka matuza. Amayi anzake ankabwera kudzamuimbira, ena kudzafunsa ngati ndiwozo zapsa. Lachinayi masana m'mphepete mwa mavalavu munaoneka kamzere kotuwa, kosalala, kozungulira bwinobwino. Avelino anatsuka zonse, nathiranso palafini. Tinadikira titatuzula maso. Pansi panali pouma gwa.

Lachisanu Che Hamisi potuluka kumzikiti anapeza njinga itamangidwa. Avelino anaponda kiki mwamatama, kikiyo n'kumubwezera mpaka anagwera m'mbatata. Anadzuka akufuula, "Yandimenya! Mwaona? Ili ndi mphamvu!" Ataponda kachiwiri, mudzi wonse unagwedezeka. Utsi tolo, agalu kuthawa, Ines nthungululu, ife kuthamanga pambuyo pake ngati ana.

Sabata yotsatira linafika tsiku logawa ufa ndi nandolo kwa othawa nkhondo, ndipo ine ndinkathandiza kunyamula matumba. Woitana mayina anafika pa Avelino, naitana kawiri, osayankhidwa.

"Ali kuti bamboyu? Akudwala?"

Ines anatuluka pamzere, nakonza duku lake, n'kuyankha mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Pepani, achimwene. Amuna anga ali kuntchito."