Hermógenes, Mlaliki wa Mpweya Wabwino

Hermógenes Cuervo anali mlamu wanga, mkulu wawo wa malemu amuna anga, choncho ndikamamunena musaganize kuti ndikupeka. Anabadwira konkuno ku Santa Rita del Alto, m'nyumba yadothi ya kumtunda kwa tchalitchi, ndipo chiyambire ali mwana ankadana ndi chilichonse cha kuno: nkhungu, nkhosa, matope, ngakhale mbatatesi zimene zinamulera. Atangomera ndevu anakwera basi ya ku Bogotá osatsanzika ndi mayi ake omwe.

Kumeneko anapeza ntchito yotsegulira anthu olemera chitseko pa nyumba ina yosanja. Ntchitoyo si yonyozeka, koma iye ankaifotokoza ngati nyumbayo ndi yake. Akabwera pa chikondwerero cha parishi, ankayenda chodumphadumpha pamiyala kuopa kudetsa nsapato, kampango kali pamphuno. Ruana, chofunda chathu chaubweya, ankati ndi bulangete la mbuli. Tsiku lina anandiuza pamaso pa anthu kuti kuno n'kumene Mulungu anatayira chisanu chotsala atamaliza kulenga dziko.

Ndiye tangoganizani mmene tinadabwira atatulukira mutu uli mbuu ndi imvi, katundu ali pa lole, mkazi wake Ligia akunjenjemera pambali. Ligia ndi wa kuchigwa kotentha, mayi wofatsa amene anali asanagonepo atavala sokosi. Tonse tinkadziwa chimene chinachitika. Ntchito itatha anakakhala kwa mwana wawo, ndipo mkazi wa mwanayo anatopa ndi apongozi ophunzitsa anthu kagwiridwe ka supuni. Koma Hermógenes sanavomerepo zimenezo. Iye ankati wabwera chifukwa maso ake atseguka.

M'mawa uliwonse ankakhala pabenchi la pamalo anga ogulitsira khofi ndi tchizi, atafunda ruana yatsopano yoyera mbee, n'kumatilalikira ubwino wa kwathu komwe. Mpweya wa kuno, akuti, umatsuka magazi. Madzi a pakasupe ndi mankhwala. Kuno kuli bata, anthu ndi a mtima umodzi, ndipo munthu sakalamba msanga. Ankauza ife amene mawondo anatha ndi chitunda chomwechi, ife amene tinaika ana m'manda chifukwa chipatala chili kutali.

"Mlamu, inu simudziwa chuma chimene mwakhalira," anandiuza choncho tsiku lina.

"Ndikuchidziwa bwino, alamu," ndinatero. "N'chimene chandipatsa nyamakaziyi. Khofiyo mumwa kapena mungootherapo manja?"

Akanangolalikira ife tokha zikanatha bwino, poti makutu athu anazolowera. Koma anayamba kujambula nkhungu ndi foni n'kumatumizira mabwana ake akale. Loweruka lina kunafika galimoto yaikulu, ndipo munatuluka Don Álvaro ndi mkazi wake, anthu amene iye anawatsegulira chitseko theka la moyo wake. Anawayendetsa tauni yonse ngati walandira bishopu. Pasanapite nthawi anawagulitsa munda wa bambo ake, wa kufupi ndi kasupe, osafunsa ngakhale mlongo wake Anatilde.

Anzake a Don Álvaro anatsatira. Nyumba zamagalasi zinamera m'phirimo ngati bowa. Loweruka likafika, nyimbo zinkachita kugwedeza mawindo, magalimoto n'kutseka njira ya ng'ombe, agalu ovala majuzi n'kumathamangitsa nkhosa zathu. Kenako Don Álvaro anamanga mpanda wawaya, kudula njira imene tinkadzera popita kukasupe.

Anthu anatuma Hermógenes kuti akalankhule nawo, poti ankati ndi anzake apamtima. Anavala jekete n'kupita, Anatilde akumutsatira chapatali kuti akaone. Anaima pageti mpaka miyendo kuzizira. Mkazi wa Don Álvaro atatuluka anamutcha Hernán, n'kumupempha kuti popeza wabwera kale, atsitseko matumba a m'galimoto. Anatilde akuti mchimwene wakeyo anawerama, anatsitsa matumba onse, n'kuthokozanso. Za mpanda sanatchule n'komwe. Mpandawo tinakadula tokha masanasana, ansembe akunamizira kuyang'ana mitambo.

Chaka chimenecho Ligia anatsokomola miyezi yonse ya mvula. Tsiku lina anafika pamalo panga ndi chikwama, n'kupeza mwamuna wake akufotokozera alendo awiri mmene phiri limachiritsira.

"Bambo," anatero mofatsa, "ine mpweya wabwino wandikwana. Ndikupita kwa achemwali anga kukapuma woipa."

Anakwera basi osacheuka. Hermógenes ankauza anthu kuti mkazi wake wapita kukaona abale, ndipo anapitiriza kutero ngakhale aliyense ankadziwa kuti makina osokera a Ligia anatsatira pa basi ina.

Atatsala yekha, ulaliki unasintha. Tsopano ankati tauni yawonongeka ndi obwera, anthu osadziwa mwambo wa kuphiri. Ankawaloza ndi ndodo pamsika, iye amene anawaitana. Anafika mpaka kwa ameya kukapempha kuti aletse nyimbo ndi kugulitsa minda. Ameyawo anali atangotsegula hotela yawo, ndiye anamumvetsera mwaulemu, anamugwira paphewa, n'kumupatsa kalendala.

Chibayo chinamugwira m'nyengo ya mvula yamphamvu. Anatilde anamuchonderera kuti apite kuchipatala, koma iye ankangotsegula zenera kuti mpweya ugwire ntchito yake. Pamene ankavomera, dothi linali litagumukira mumsewu kumunsi kwa mlatho. Anamwalirira m'lole ya mkaka, podikira kuti anthu atsegule njira ndi mafosholo, mutu uli pamiyendo ya mlongo wake yemwe uja iye anamulanda munda. Sindinganame, nditamva zinandikhudza. Anali munthu wotopetsa, komabe anali wathu.

Tinamuika pakati pa sabata, choncho a nyumba zamagalasi sanaoneke, poti iwo phiri amalikonda Loweruka ndi Lamlungu pokha. Bokosi ananyamula ndi anthu omwe ankawatcha mbuli aja, akuterereka m'matope n'kumadandaula kulemera kwake. Ligia anabwera atanenepa, khungu likuwala. Analira mokwanira, anagona usiku umodzi atavala majuzi anga awiri, m'mawa mwake n'kubwerera.

Nyumba ya Hermógenes pano abale ake amaibwereketsa kwa alendo a kumapeto kwa sabata, ndipo makiyi amakhala ndi ine. Alendowo amaima pakhonde, n'kukoka mpweya maso atatsinzina, kenako amandifunsa ngati n'kwabwino kusamukira kuno. Ndimawauza kuti adzabwere mu Epulo, mvula ikafika pachimake, adzakhale mwezi wathunthu, ndipo adzandifunsenso. Mpaka lero palibe amene anabwera kudzafunsa.