Kompyuta yaulemu ya ku Kasakula

Lachiwiri lapitali kompyuta inandinamiza. Sinachite mwano ayi. Inandinamiza mwaulemu, monga amachitira munthu woleredwa bwino.

Ambiri a inu mumandidziwa ngati wokonza mafoni pa Malomo. Mafoni ndimakonza zinthu zikathina. Ntchito yanga yeniyeni ndi kuika mapulogalamu m'makompyuta a m'masukulu ndi m'timaofesi ta kuno kumapiri. Makompyutawa ambiri ndi opatsidwa. Ina inachokera ku mpingo wa kunja, ina inasiyidwa ndi bungwe lomwe linatha, ina palibe akukumbuka kuti inafika bwanji. Onse amangosonkhanitsidwa m'chipinda chimodzi ngati ana a makomo osiyana.

Kunja amaoneka ofanana, koma m'kati ali ndi mafuko. Kuno mafuko ake ndi awiri, a 32 ndi a 64. A 32 ndi akale, amasenza katundu wochepa. A 64 ndi atsopanoko ndipo ali ndi msana. Pulogalamu yopangidwira wa 64 singalowe mwa wa 32. Ya 32 nthawi zambiri wa 64 amailandira, koma pali kanthu kamodzi komwe sanyengerera: dalaivala. Ameneyu si woyendetsa minibasi. Ndi kapulogalamu komwe kamamasulira pakati pa kompyuta ndi pulinta. Dalaivala akakhala wa fuko lina, kompyuta imamukana pakhomo, pepala osatuluka.

Kuti ndisamaime pa kompyuta iliyonse n'kumasankha ndekha, ndinalemba sikiripiti. Awa ndi malangizo ochepa omwe kompyuta imawerenga n'kutsatira yokha, ndipo ndimayenda nawo pa fulashi m'thumba la malaya. Mzere woyamba ndi funso lija amafunsidwa mlendo aliyense asanapatsidwe mpando: ndinu a mfunda wanji? Ikati 32, sikiripiti imaipatsa phukusi la 32. Ikati 64, imaipatsa linalo. Basi.

Amene anandiitana ndi Madamu Nankhoma, mphunzitsi wa zamakompyuta pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Kasakula. Phunziroli analimenyera okha nkhondo kuti lizipezeka pasukulupo, ndipo chipinda chomwe anapatsidwa ndi chokhacho chili ndi zitsulo m'mawindo ndi chitseko cholimba. Vuto lili pomwepo. Sukuluyi yakolola soya m'munda mwake, ndipo a hedi, munthu wodekha woyenda ndi makiyi ambiri, akhala akuyang'ana chipindacho ndi maso a mlimi.

Anali atanena kale poyera. Pamayeso ana amapereka ntchito yawo yosindikiza papepala. Ngati makompyuta sangathe kusindikiza pofika kumapeto kwa sabata, ndiye kuti palibe mayeso a phunzirolo pasukulupo. Makompyuta alowa m'makatoni, soya alowa m'chipinda, ndipo a Folomu 4 asiye phunziro lomwe akhala akulivutikira chiyambire.

Ndinakwera njinga yamoto m'mawa, nkhungu ili tolotolo m'zigwa, mphepo ikulowa m'makutu. Pofika ndinapeza matumba a soya atawunjikidwa pakhonde, moyang'anizana ndi chitseko cha chipindacho, ngati anthu odikira kuti dzina lawo liitanidwe.

Ndinayamba ndi makompyuta akale, omwe ndi atatu okha. Ndinalowetsa fulashi, sikiripiti inafunsa, inayankhidwa, dalaivala analowa, pepala linatuluka. Ndinapita kwa atsopano, omwe ndiwo ambiri komanso ndiwo Madamu amadalira. Woyamba anakana. Wachiwiri anakana. Onse anakana mofanana, ndi mawu ofanana, ngati anapangana.

A hedi anasuzumira pakhomo. Anandipatsa moni wa "a injiniya", dzina lomwe amandiitana akafuna kundikumbutsa kuti sindine injiniya. Anafunsa ngati zikutheka. Ndinati zitheka. Anawerenga ndi chala makompyuta atatu ogwira aja, anayang'ana kukula kwa chipindacho, kenako anatembenukira ku matumba.

"Soya alibe mavuto a dalaivala," anatero, n'kumapita.

Madamu anangokhala pa desiki n'kuyamba kupukuta fumbi pa kompyuta yomwe inali yopukuta kale.

Ine ndikathedwa nzeru sindilankhula, ndimayang'ana. Ndinatsegula malo omwe sikiripiti imaonetsa zomwe yayankhidwa. Kompyuta yatsopanoyo inali itanena kuti ndi ya 32. Ndinaifunsa ndekha, kulemba funso lomwelo ndi zala zanga, osadzera pa fulashi. Inati 64. Ndinabwerezanso kudzera pa fulashi. Inati 32. Funso limodzi, mawu osasintha ngakhale chilembo, mayankho awiri.

Ndinawaonetsa Madamu. Anayang'ana kanthawi, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anati amenewa ndi ana a kalasi yawo enieni. Iwo akawafunsa ngati amva, onse amati eya. Akatuluka panja n'kufunsana okhaokha, m'pamene umamva kuti palibe anamva kanthu.

"Nanga inuyo achimwene, pofunsa mumatuma ndani?"

Yankho linali m'funsomo.

Sikiripiti yanga siimadzitsegula yokha. Pali kapulogalamu kakang'ono komwe kamaitsegula, tinene kuti mthenga. Mthengayu ndinamupanga wa 32 mwadala, kuti azitha kulowa khomo lililonse, lakale ndi latsopano lomwe. Tsono kompyuta ya 64 ikaona kuti wafika ndi mlendo wa 32, imadzichepetsa. Imamuyalira mphasa ya msinkhu wake, imalankhula naye chilankhulo chake, ndipo akaifunsa mfunda imati nanenso ndine wa 32, khalani omasuka. Sikuti yaonongeka. Anaipanga choncho dala kuti mlendo asasokonezeke.

Koma dzina lake lenileni siitaya. Imalisunga pambali, pamalo ena omwe amangoonekera nthawi yokhayo yomwe ikudzichepetsa. Ukafunsa pamenepo imakuuza zoona. Ukapanda kufunsa siikukakamiza.

Ndinawonjezera mizere iwiri. Tanthauzo lake linali lakuti: ukamva yankho loyamba usathamange, funsanso ngati pali dzina lina kuseri, ndipo ngati lilipo khulupirira limenelo. Ndinalowetsanso fulashi. Kamzera kobiriwira kanayamba kukwawa pa sikirini, ndipo poti makompyuta a kuno safulumira, ndinali ndi nthawi yoganiza.

Khalidwe limeneli ndimalidziwa. Ndinakhalapo nalo.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ananditenga ndi amalume a ku Mvera. Sanali anthu oipa. Anali ndi ana ambiri ndi zofunda zochepa. Achibale ankabwera, akuluakulu a mpingo ankabwera, ndipo aliyense ankawerama n'kundifunsa ngati ndikukhala bwino. Pofunsapo azakhali, akazi a amalumewo, ankakhala ataima pomwepo ndi beseni m'manja. Ndinkati ndikukhala bwino. Sindinkaona ngati ndikunama. Ndinkapereka yankho lokwana m'chipindamo.

Agogo, amayi a mayi anga, ankagulitsa anyezi pa Malomo ndipo sankakonda mawu ambiri. Atabwera kudzationa anafunsa funso lomwelo, pamaso pa anthu omwewo, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Anagwedeza mutu n'kufwenkha fodya wawo. Pobwerera anati ndiwanyamulire jumbo mpaka pa siteji. Tili panjira, nyumba itabisika kuseri kwa mitengo, anafunsa osandiyang'ana.

"Juzi ija anakugulira amako ili kuti?"

Ndinati akuvala a Yohane, mwana woyamba wa amalume. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene mukudziwa Mvera mukudziwa chomwe ndikunena.

Minibasi itafika agogo anauza kondakitala kuti tili awiri. Zovala zanga zinabwera pambuyo. Juziyo sinabwere, ndipo nkhaniyi sitinaikambepo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda agogowo.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Ndi mafunso angati omwe timafunsa kudzera mwa mthenga wolakwika, kenako n'kunyamula yankho lake mpaka ku Lilongwe?

Mwaziona galimoto zoyera zija zikafika kumudzi. Anthu amakhala pansi, alendo pamipando, ndipo funso limadzera mwa wapampando wa komiti yemwe anasankhidwa ndi alendo omwewo. Mjigo ukugwira? Ukugwira. Mwapindula? Tapindula kwambiri. Galimoto ikangokhota pa mlatho, amayi amanyamula ndowa kubwerera kudambo.

Tenanti wa pa esiteti ya fodya amafunsidwa ngati akusamalidwa, kapitawo ali chiimire kumbuyo kwa wofunsayo. Mkazi amafunsidwa ndi ankhoswe ngati nkhani yatha, mwamuna wake akuyang'ana zikhadabo pampando woyandikana. Wodwala amafunsidwa mothamanga ngati akupezako bwino, ndi munthu yemwe dzanja lake lagwira kale chitseko. Mukuyembekeza kuti ayankhe chiyani?

Sindikunyoza ulemu. Ulemu umenewu wasunga anthu ambiri amoyo. Pali kusiyana kumodzi kokha pakati pa kompyuta ija ndi ife. Iyo imadzichepetsa chifukwa ndi yaikulu ndipo sikufuna kuopseza mlendo. Ife timatero chifukwa ndife aang'ono, ndipo mlendo akapita timatsala ndi eni nyumba.

Choncho mlandu suli kwa woyankha. Kompyuta ija sinalakwe, ndipo mwana wa ku Mvera uja sanalakwe. Mlandu uli kwa wofunsa yemwe walandira yankho lopepuka n'kusangalala kuti ndi lopepuka. Tinene zoona, ambiri timadziwa kuti pali funso lachiwiri. Sitilifunsa chifukwa yankho lake limafuna malo mu minibasi.

Akale anati safunsa anadya phula. Chomwe anadya wofunsa kamodzi sanatiuze, koma ndikukhulupirira kuti anadyera mbale imodzi.

Ndipo funso lachiwiri si kubwereza loyamba mokweza mawu. Ndikanaifunsa kompyuta ija kakhumi kudzera mwa mthenga yemweyo, ikanati 32 kakhumi, mwaulemu womwewo. Umasintha malo ofunsira. Umafunsa kanthu kakang'ono kogwirika, komwe munthu angayankhe osaneneza aliyense. Osati mjigo ukugwira, koma madzi a tiyi wa lero mwatunga kuti. Osati ukukhala bwino, koma juzi ili kuti.

Kamzera kobiriwira kanafika kumapeto. Kompyuta inavomera kuti ndi ya 64, inalandira dalaivala wa fuko lake popanda kudandaula, ndipo pulinta inakhosomola pakona. Ndinazungulira otsalawo mmodzimmodzi. Onse anavomera. Palibe anachita manyazi kuti wagwidwa.

Madamu anati kuyesa ayesa okha. Anakhala pa kompyuta iliyonse, kulemba chiganizo chimodzi, kusindikiza. Atatha anasanja mapepalawo bwinobwino, anawagogoda pa desiki kuti alingane, n'kupita nawo ku ofesi. Ndinawatsatira chapatali, monga mwa chizolowezi changa.

A hedi anavala magalasi. Pepala loyamba linali ndi mawu akuti soya akagone kwina. Lachiwiri chimodzimodzi. Anawerenga onse mpaka lomaliza, ngati akuyembekeza kuti lina lisintha maganizo.

"Madamu, inki imeneyi ndi ya mayeso," anatero.

Kenako anaitana alonda n'kuwauza kuti matumba alowe m'chipinda cha aphunzitsi, pakuti mipando ya m'menemo inali yothyoka kale ndipo soya ndi wofewa kukhalira. Anachotsa kiyi imodzi pa mulu wawo uja n'kuipereka kwa Madamu osawayang'ana. A Folomu 4 alemba mayeso awo.

Dzuwa linali litapendeka pomwe ndinkalongedza. Wa njinga yamoto anali asanafike, ndipo ndinakhala pakhonde pomwe panali matumba paja. Madamu anatseka chipinda chawo, anayesa chitseko kawiri, n'kubwera kudzaima pafupi. Anandifunsa ngati ndadya.

Ndinati ndadya, Madamu, zikomo.

Anandiyang'ana monga anayang'anira sikirini ija.

"Mwadya chiyani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Iwo anatsegula chikwama, anatulutsa mbatata yophika yokulunga m'pepala, anainyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Tinadya tikuonerera alonda akukoka thumba lomaliza.

Nanga inu, uja anakuuzani dzulo kuti ali bwino, juzi yake akuvala ndani?