Mabatire pa Thandala la Usipa

Dzulo mdzukulu wanga Asiyatu analira mpaka kugubuduka pansi, bambo ake atamulanda foni. Mwana wanga Yusufuyo amakonza mafoni ku Mangochi, koma kunyumba kwake, dzuwa likapendeka, amawatsekera onse m'kabati.

"Amayi, mwanayu andida," anatero, kiyi ali kale m'manja. "Ndimubwezere?"

Kulira kuja kunandikumbutsa kwathu ku Nkhudzi. Abambo anga ankakonza mawailesi pakhonde, manja akununkha waya wopserera. Ife ana tinkaunjikana pomwepo kukamwa kuli yasa, osasamba, osatunga madzi. Nyimbo ikangofika pokoma, iwo ankachotsa mabatire n'kukawayanika pa thandala pamodzi ndi usipa.

"Anyowa awa. Akauma ndikuitanani."

Ine ndinkakhulupirira ndithu kuti oimba aja amalavulira m'mabatiremo. Ndinkapita kukawagwira, kuwatembenuza ngati usipa, kuwanunkhiza.

"Ababa, auma!"

"Aaa, iwe Patuma, m'katimo mukadali chinyezi. Tandiimbira ija imaimbidwa ija, ndaiwala mathero ake."

Ndinkaimba mokwiya, misozi ili mbwembwembwe. Akulu anga ankavomereza, wina n'kumaomba chidebe, mpaka tonse tili kumchenga, za wailesi taiwala. Abambo ankangomwetulira, waya ali kukamwa.

Yusufu ndinamuuza kuti kiyiyo abweze m'thumba, akhale pansi pafupi ndi mwana wake, amufunse zimene amaonerazo. Asiyatu anayamba kufotokoza akusisima, kenaka anadzuka kuti awaonetse bambo akewo mmene amavinira a m'foniwo.

Ine ndadziwa nditamera imvi kuti abambo ankangofuna kumvako mawu a ana awo.